Kusankha njinga za magetsi ndi zida zake pa ulendo wautali wa bambo ndi mayi achikulire

Mzinda wa Mzuzu uli pamtunda, pa mamita pafupifupi 1,250 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita osafika 500. Munthu wochoka mumzindawu pa njinga kulowera ku Nkhata Bay amatsetsereka mamita oposa 750 pa ulendo wa makilomita pafupifupi 50, ndipo tsiku lobwerera ayenera kukwera mamita omwewo. Anyamata a Sakaramento, a njinga za kabaza mu Mzuzu, amene miyendo yawo inazolowera zitunda za ku Masasa, sangaone vuto pamenepa, koma kwa bambo ndi mayi amene adutsa zaka 60, mawondo akudandaula ndiponso mtima ukufuna kuusamala, chitunda chimenechi n'chokwanira kuwatsekera m'tauni. Njinga ya magetsi, yomwe ili ndi batire ndi mota yothandiza munthu akamapalasa, imachotsa chotchinga chimenechi, moti banja lachikulire likhoza kuyenda masiku angapo m'mbali mwa nyanja popanda kudzipweteka, malinga litasankha bwino njinga ndi zida zake.

Choyamba n'chakuti pa anthu awiri oyenda limodzi, mmodzi amakhala wofookerapo, kaya ndi bambo kaya ndi mayi, ndipo mtundu wa njinga, kulemera kwa katundu ndi kutalika kwa ulendo wa tsiku ziyenera kuyezedwa pa thupi la ameneyo. Chachiwiri n'chakuti njinga ziwirizo zigwirizane pa zinthu zimene zimatha kapena kuwonongeka panjira: batire la mtundu umodzi, tchaja yolowa mbali zonse, matayala a saizi imodzi ndi mabuleki ofanana. Zimene zingasiyane ndi kukula kwa felemu ndi chishalo basi. Banja limene lagula njinga ziwiri za makampani osiyana limanyamula chilichonse kawiri, ndipo batire la mmodzi likatha pakati pa nkhalango, la mnzake silingamuthandize.

Felemu ndi kakhalidwe pa njinga

Sankhani felemu yopanda chitsulo chapamwamba, ija anthu ambiri amaitcha njinga yachizimayi, ndipo mawu awa ndikuwalunjika makamaka kwa inu abambo. Njinga ya magetsi imalemera makilogalamu 23 mpaka 28 isanasenze kanthu, ndipo zikwama zikakhala kumbuyo, kuponya mwendo pamwamba pa chishalo kumafuna chiuno chofewa chimene ambiri a ife tinasiyana nacho kale. Achikulire amagwa kawirikawiri pokwera, potsika ndi poima mwadzidzidzi, pamene njinga siikuthamanga n'komwe, ndipo fupa la m'chiuno likathyoka pa msinkhu umenewu limavuta kupola. Felemu yotsika imalola munthu kutsetserekera kutsogolo ndi kuponda pansi ndi mapazi onse awiri. Amayi amene amakonda kuyenda atavala chitenje kapena siketi yaitali aonetsetse kuti tcheni n'chophimbidwa komanso kuti gudumu lakumbuyo lili ndi chotchinga, chifukwa nsalu ikakodwa m'masipoko njinga imaima nthawi yomweyo.

Mahandulo akhale okwera pang'ono kuposa chishalo kuti msana ukhale wowongoka ndipo manja asasenze thupi lonse. Kutalika kwa chishalo kumayezedwa poika chidendene pa pedulo ili pansi: mwendo ukawongoka bwino popanda chiuno kupendekeka, ndiye kuti chishalo chili pamalo pake. Chishalo chotsika kwambiri chimaoneka ngati chotetezeka koma chimapweteka mawondo, ndipo chofewa kwambiri chimasupula khungu pakatha maola awiri. Chabwino ndi chotakata mogwirizana ndi mafupa okhalira, cholimba pang'ono, chokhala pa chitsulo cha sipuling'i chochepetsa kugwedezeka kwa m'maenje. Batire likhale lochotseka ndi kiyi, popeza m'malo ambiri ogona alendo simudzatha kukweza njinga yonse pa masitepe kukaifikitsa pa soketi.

Njinga imodzi yokwera anthu awiri opalasa limodzi imakopa mabanja ena, koma ndi yaitali, siilowa m'galimoto wamba, ndipo ikawonongeka nonse mwaima. Ya magudumu atatu imathandiza munthu wa chizungulire, koma ndi yotakata kwambiri pa misewu yathu imene m'mbali mwake phula linadyeka.

Mota

Pali mota za mitundu iwiri. Ina imakhala pakati pa gudumu, kawirikawiri lakumbuyo, ndipo imazunguza gudumulo mwachindunji. Ina imakhala pakati pa njinga, pamene pali mapedulo, ndipo mphamvu yake imadutsa pa tcheni ndi magiya monga ya miyendo yanu. Kusiyana kwake kumaoneka pa chitunda chachitali. Mota ya m'gudumu ikamayenda pang'onopang'ono ili ndi katundu imatentha ndi kuwononga magetsi ambiri, pamene ya pakati imapeputsidwa ndi giya yaing'ono n'kumazungulira mwamtendere. Kwa banja lokhala ku Mzuzu, kumene njira iliyonse yotulukira ili ndi phiri, ine ndimalimbikitsa mota ya pakati.

Pogula, musatengeke ndi nambala ya ma watt yokha. Njinga zambiri zochokera ku Ulaya zimalembedwa 250 W ndipo mota yake imasiya kuthandiza liwiro likafika makilomita 25 pa ola, zomwe n'zokwanira pa ulendo wa mtundu uwu. Nambala yofunika kwambiri ndi ya mphamvu yokankhira, imene imalembedwa Nm. Njinga za m'tauni zimakhala ndi 40 mpaka 50 Nm, pamene zokwerera mapiri ndi katundu zimakhala ndi 65 mpaka 85 Nm, monga mota zina za Bosch, Shimano ndi Yamaha. Funsaninso ngati mota imamva mphamvu imene mwaika pa pedulo kapena imangomva kuti mapedulo azungulira. Yoyambayo imathandiza mofatsa, molingana ndi kupalasa kwanu. Yachiwiriyo imatha kudumpha mwadzidzidzi mukangogwedeza pedulo, zomwe n'zoopsa pamsika pamene pali ana ndi mbuzi.

Mota ya pakati ili ndi mtengo wake. Imadya tcheni ndi mano a magiya msanga, ndipo ya makampani akuluakulu ikavuta mkati imafuna munthu wokhala ndi kompyuta ya kampaniyo kuti aione. Mota ya m'gudumu, monga zambiri za Bafang, ndi yosavuta: waya akaduka, mmisiri wa magetsi a njinga zamoto akhoza kuulumikiza. Ngati maulendo anu adzakhala a m'mbali mwa nyanja mokha, ndipo mapiri mudzawadutsa pa galimoto, mota ya m'gudumu idzakukwanirani ndipo ndi yotsika mtengo. Mulimonsemo, njinga ikhale ndi giya yopepuka kwambiri moti mukhoza kuipalasa pa kachitunda mota itazima. Muzisintha giya musanalowe pa chitunda, mukuchepetsa mphamvu pa pedulo panthawi yosinthayo, ndipo miyendo izizungulira mopepuka, ka 60 mpaka 80 pa mphindi, chifukwa mawondo ndi mota zonse zimakonda zimenezo.

Batire ndi masamu ake

Kukula kwa batire kumalembedwa Wh, ndipo ngati sikunalembedwe, chulukitsani ma volt ndi ma Ah: batire la 36 V ndi 14 Ah lili ndi 504 Wh. Mabatire ofala ndi a 400, 500, 625 ndi 750 Wh. Ogulitsa amakonda kunena kuti njinga imayenda makilomita oposa 100, koma nambala imeneyo ndi ya munthu wopepuka, wopanda katundu, pa msewu wosalala ndi thandizo lotsikitsitsa la mota. Munthu wachikulire wokhala ndi zikwama amagwiritsa ntchito 7 mpaka 12 Wh pa kilomita pamalo opanda mapiri, kutanthauza kuti batire la 500 Wh limamufikitsa pakati pa makilomita 40 ndi 70.

Phiri lili ndi masamu akeake, ndipo ndi bwino kuwachita muli pakhomo. Tiyerekeze kuti wokwera amalemera makilogalamu 81, njinga 27 ndi katundu 12, zonse pamodzi 120. Kukweza makilogalamu 120 amenewo pa mamita 780, kuchokera kunyanja kufika ku Mzuzu, kumafuna mphamvu ya pafupifupi 255 Wh, tisanawerengere mphepo, kukhudzana kwa matayala ndi msewu, magetsi otayika mu mota, ndi zigwa za panjira zimene mumatsika n'kukweranso. Miyendo yanu idzapereka gawo lina, koma n'zoonekeratu kuti ulendo wa makilomita 50 wokwera ukhoza kumaliza batire limene pa ulendo wotsika linangotha pang'ono. Musayembekezerenso kuti batire lidzadzaza potsika, chifukwa njinga za mota ya pakati sizibweza magetsi. N'chifukwa chake ndimati aliyense akhale ndi batire losachepera 500 Wh, ndipo banja lonse linyamule batire limodzi lapadera, lolemera pafupifupi makilogalamu 3, loti lithandize amene lake layamba kutha.

Apa ndi pamene kufanana kwa njinga kumapindulitsa. Kawirikawiri mmodzi amamaliza batire msanga, mwina chifukwa ndi wolemera thupi, mwina chifukwa amafuna thandizo lalikulu la mota. Popuma chakumasana, sinthanani mabatire kuti wodya magetsi ambiri atenge lotsala ndi mphamvu zambiri, ndipo mudzafika nonse pamodzi. Konzani tsiku lililonse kuti mufike pogona batire lili ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, chifukwa malo amene munawadalira akhoza kukhala odzaza, kapena mphepo ikhoza kukutembenukirani.

Samalani ndi njinga zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera kunja. Felemu imatha kuoneka yatsopano pamene batire lakalamba, ndipo batire ndilo chiwalo chodula kwambiri pa njinga yonse. Musakhutire ndi timagetsi toonetsa kuti ladzaza. Pemphani kuiyendetsa makilomita ambiri pa chitunda muone mmene likutsikira. Batire lotupa, losweka chikwama kapena lokonzedwa ndi tepi musaligule pa mtengo uliwonse. Ngati mwana wanu amene ali ku Johannesburg kapena ku London akufuna kukutumizirani njinga, adziwe kuti ndege zonyamula anthu sizilola batire la lithium loposa 160 Wh, kotero liyenera kubwera ngati katundu wapadera kudzera kwa otumiza katundu amene amadziwa malamulo ake, ndipo za msonkho mufunsiretu ku MRA njinga isananyamuke.

Kutchaja panjira

Pa ulendo wa njinga ya magetsi m'dziko lathu, soketi ndiyo imalamula kumene mugone. Tchaja ya 4 A imadzaza batire la 500 Wh pa maola anayi ndi theka, pamene ya 2 A imatenga pafupifupi kuwirikiza. Popeza magetsi amatha kuzima madzulo osachenjeza, tchaja yofulumira ndiyo yoyenera, ndipo munyamule ziwiri kuti mabatire awiri adzaze nthawi imodzi komanso kuti ina ikapsa ulendo usathere pomwepo. Mukafika pogona, lolani batire lizizire kwa theka la ola, kenako litchajeni musanasambe kapena kufunafuna chakudya. Magetsi a ESCOM ndi a 230 V, omwe amagwirizana ndi matchaja a ku Ulaya, koma pulagi ya mano awiri ozungulira imagwedera m'masoketi athu a mano atatu n'kumatentha, choncho isintheni pakhomo, ndipo mutenge chingwe chotalikitsira chokhala ndi chotetezera magetsi akabwera mwamphamvu.

Imbirani malo ogona musananyamuke, ndipo funsani mafunso enieni. Kungomva kuti magetsi alipo sikokwanira, chifukwa malo ambiri a kunyanja amadalira sola yaing'ono yoyatsira mababu ndi kutchajira mafoni, pamene matchaja awiri a 4 A pamodzi amakoka pafupifupi 400 W. Funsani ngati ndi magetsi a ESCOM, a jenereta kapena a sola, ndipo ngati ndi sola, funsani kukula kwa inveta komanso ngati angakuloleni kutchaja masana dzuwa likuwala. Mwini malo akamaopa kuti mumumalizira mayunitsi, mufotokozereni kuti batire limodzi la 500 Wh limadya yuniti yosakwana imodzi, kungopitirira theka pang'ono, ndipo mulipire mokondwa. Pa malo ochitira malonda a panjira, ometa tsitsi ndi a magolosale amalola kutchaja mukapempha mwaulemu, ndipo ola limodzi lodyera nsima limabwezeretsa makilomita 10 kapena kuposa. Kunyamula sola yanuyanu sindikulimbikitsa, chifukwa yokwanira kudzaza mabatire awiri pa tsiku ndi yaikulu ndi yolemera kuposa mmene njinga ingasenzere.

Batire la lithium likagwira moto limavuta kuzimitsa. Litchajeni pa simenti, kutali ndi neti, matiresi ndi chitseko chotulukira, muli maso, ndipo likadzaza lizuleni musanagone. Musalisiye padzuwa la kunyanja kapena m'galimoto yotsekedwa, ndipo musagwiritse ntchito tchaja ya njinga ya mtundu wina ngakhale pulagi yake italowa.

Mabuleki ndi matayala

Kutsika kumaopsa kuposa kukwera. Pa mtsetse wa ku Nkhata Bay, komanso makamaka pa phiri la Chiweta pa msewu wa M1 wopita ku Karonga, njinga yolemera imathamanga yokha, ndipo mabuleki akale ogwira pa limu sakwanira, makamaka kukanyowa. Funani mabuleki a disiki oyendera mafuta, okhala ndi disiki ya mamilimita 180 kutsogolo, chifukwa amagwira ndi zala ziwiri zokha, chinthu chofunika kwa manja a nyamakazi. Potsika, gwirani mabuleki onse awiri mwamphamvu kwa kanthawi, kenako muwasiye apume, m'malo mowakoka pang'onopang'ono osalekeza, zomwe zimawatenthetsa mpaka kusiya kugwira. Imani pamalo otakata kuti azizire, ndipo musakhudze disiki ndi dzanja. Nyamulani mapadi apadera a mtundu weniweni wa njinga zanu, ndipo dziwani mafuta amene mabuleki anu amafuna, chifukwa a Shimano ndi Tektro amafuna mafuta a mineral, ndipo kuthiramo a mabuleki a galimoto kumawononga malabala ake.

Pa matayala pali msampha umene wagwira anthu ambiri. Njinga zathu zakale zakuda, zija za kabaza ndi zonyamulira makala, zili ndi tayala lolembedwa 28 x 1½, lomwe limu yake ndi ya mamilimita 635. Njinga zambiri za magetsi zochokera ku Ulaya nazonso zimatchedwa za 28, koma limu yake ndi ya mamilimita 622, ndipo tayala la pamsika silingalowe. Yang'anani nambala za m'mbali mwa tayala, monga 50-622, muzilembe papepala. Saizi ya 26, imene imalembedwa 559, imapezeka mosavuta kwa ogulitsa zida za njinga, choncho ngati muli ndi mwayi wosankha, imeneyi ndi yodalirika kwa ife. Tayala likhale lotakata mamilimita 47 mpaka 55 ndi lokhala ndi mphira wokhuthala woteteza ku minga, monga Schwalbe Marathon Plus. Banja lonse linyamule tayala limodzi lapadera, machubu anayi, zigamba ndi guluu, komanso mpope wogwirizana ndi valavu yanu, popeza mavalavu alipo a mitundu itatu ndipo mpope wa wokonza njinga wa pansi pa mtengo sulowa pa onse. Ngati mota yanu ili m'gudumu lakumbuyo, yeserani pakhomo kuchotsa gudumulo ndi kulumikizanso waya wake, kuti musadzaphunzire zimenezi m'mbali mwa msewu dzuwa lili pamutu.

Katundu

Chikwama cha kumsana chisiyeni kunyumba. Katundu akhale m'zikwama ziwiri zosalowa madzi zokoleka m'mbali mwa kaliyala, za malita 20 chilichonse, monga za Ortlieb kapena zosokedwa ndi telala pa kanivasi yolimba n'kuikamo mapulasitiki. Zolemera zikhale pansi, mbali zonse zilemere mofanana, ndipo munthu aliyense asapitirire makilogalamu 12, wamphamvuyo atenge zida ndi batire lapadera. Kaliyala zambiri zimalembedwa malire a makilogalamu 25. Hema, mapoto ndi mbaula n'zosafunika, chifukwa thupi lachikulire limafuna bedi ndipo batire limafuna soketi. Kachikwama ka pa mahandulo kasunge mankhwala, foni, chiphaso cha unzika ndi ndalama, ndipo kaziyenda nanu paliponse mukatsika.

M'thumba la zida mukhale makiyi a Allen, sipanala yogwirizana ndi magudumu, chodulira tcheni ndi zolumikizira zake, masipoko angapo a saizi yanu, mafuta a tcheni, ndi kachitsulo kapadera kogwirizira chosinthira magiya, kamene kamapindika njinga ikagwa ndipo sikafanana pa njinga zonse. Galasi loonera kumbuyo liikeni kudzanja lamanja, popeza timayenda kumanzere, ndipo n'lofunika kwambiri kwa munthu amene khosi lake silitembenuka msanga. Chipewa cholimba choteteza mutu, chovala chowala, magolovesi ndi nyale zakutsogolo ndi kumbuyo si zokambirana. Tenganinso loko wabwino, ngakhale usiku njinga ziyenera kugona m'nyumba, batire litachotsedwa. Pa zovala, kumbukirani kuti m'mawa wa Juni ku Mzuzu umazizira kwambiri pamene masana a ku Chintheche amafunda, choncho juzi yopepuka ndi jekete ya mvula zimaposa chikhothi chimodzi cholemera.

Thupi, nyengo ndi njira

Musananyamuke, kaonaneni ndi adokotala, makamaka ngati muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, shuga kapena mtima. Mankhwala a tsiku ndi tsiku tengani oposa masiku a ulendo, muwagawe m'zikwama za njinga zonse ziwiri, ndipo aliyense adziwe mankhwala a mnzake ndi nthawi yake yomwera. Wodwala shuga akhale ndi nthochi kapena masiwiti pafupi, chifukwa kupalasa kumatsitsa shuga m'magazi. Ludzu limachedwa kumveka mwa achikulire, choncho muzimwa madzi pafupipafupi musanalimve, malita awiri kapena atatu pa munthu, ndipo mapaketi a Thanzi ORS asasowe. Kunyanja kuli malungo ambiri, motero neti yanuyanu ndi mafuta othamangitsa udzudzu n'zofunika, ndipo thupi likatentha pitani kukayezetsa tsiku lomwelo. Pewani kusamba m'madzi odekha a m'mabango kumene kumakhala nkhono za likodzo.

Akuluakulu anati kuyenda awiri si mantha, koma phindu lake limaoneka pokhapokha onse awiri akudziwa ntchito zonse. Amayi adziwe kumata chubu ndi kuchotsa batire, abambo adziwe kumene kuli mankhwala ndi manambala a ana, ndipo aliyense akhale ndi foni yake, wina ya Airtel wina ya TNM, chifukwa pamene netiweki ina yasowa ina imatha kupezeka. Panjira, wofookerapo azikhala patsogolo kuti liwiro likhale lake, ndipo wa kumbuyo aziyang'ana pagalasi ndi kuchenjeza za magalimoto. Muziyenda mondondozana, ndipo mukaona kuti magalimoto akuluakulu awiri akumanirana pafupi nanu, tulukani pa phula muime. Pa M1 pamadutsa matanki a mafuta ochokera ku Tanzania ndi malole a malasha, ndipo mphepo yawo yokha imakankha njinga.

Makilomita 40 mpaka 60 pa tsiku ndi okwanira. Nyamukani kukangocha, mufike dzuwa lisanapendeke, ndipo tsiku lachitatu lililonse likhale lopuma. Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti, mvula itatha ndiponso kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kusanafike. M'miyezi yomweyi mumawomba mwera wochokera kummwera, umene umakankha wolowera ku Karonga koma umalimbana ndi wolowera ku Nkhotakota, ndipo kulimbana ndi mphepo kumadya batire ngati chitunda. Mukamalowera kummwera, chepetsani makilomita a tsikulo ndipo mulawirire.

Yambani ndi ulendo woyesera wa ku Ekwendeni, pafupifupi makilomita 20 kupita ndi 20 kubwerera, zikwama zitadzaza monga pa ulendo weniweni. Lembani mmene batire la aliyense latsikira, chifukwa nambala zimenezo ndizo zanu, zoposa za wogulitsa. Chishalo chikapweteka kapena zala zikachita dzanzi, konzani zimenezo musanapite patali. Ulendo woyamba wogona ungakhale wa ku Nkhata Bay, kenako makilomita pafupifupi 40 kudutsa m'minda ya mphira ya Vizara kukafika ku Chintheche, ndi kupitirira ku Kande ngati thupi lalola. Msewu wa Chikangawa ndi wokongola, koma uli ndi nkhungu, kuzizira, malole a matabwa ndi mitunda yaitali yopanda pogona, choncho usungireni mtsogolo. Msewu wakale wa Gorodi wokwera ku Livingstonia kuchokera ku Chitimba, wa makona 20, ndi wamiyala ndi wotsetsereka kwambiri. Siyani njinga pogona panu mukwere galimoto. Sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanja kuyambira 1951, imafika ku Nkhata Bay ndi ku Chilumba, koma funsiranitu za kunyamula njinga ndi mabatire, ndipo dziwani kuti m'madoko ena anthu amakwera kudzera pa maboti ang'onoang'ono, momwe kukweza njinga ya makilogalamu 27 kumafuna anthu okuthandizani.

Kubwerera ku Mzuzu kukonzedwe musanachoke pakhomo. Ngati mwasankha kukwera phirilo pa njinga, nyamukani ku Nkhata Bay m'mamawa mabatire onse atatu atadzaza, gwiritsani ntchito thandizo lotsika la mota pamalo osalala kuti lalikulu mulisungire zitunda za kutsogolo, ndipo mupume pa Mpamba kudya ndi kuona mmene mabatire alili. Pa zitunda zovuta kwambiri tsikani muyende pansi, mukudina batani lokankhira njinga limene njinga zambiri zili nalo, lomwe limaiyendetsa pa liwiro losaposa makilomita 6 pa ola. Ngati mmodzi watopa, pezani galimoto ya pikiapu m'malo momangirira njinga kumbuyo kwa minibasi, kumene zingwe zimadula mawaya ndi kupinda madisiki. Chotsani mabatire ndi zikwama mukhale nazo kutsogolo, imikani njinga chilili ndi katoni pakati pake, ndipo ngati zikuyenera kugona, mbali ya tcheni iyang'ane kumwamba.